Bambo Wanzeru ndi Mwini Filimu

Mkangano woti filimu yabwino ndi yotani sunatherepo. Wina amafuna ya zipolopolo, wina ya chikondi yoliritsa, wina amati bola ya ku Nigeria yokhala ndi sing'anga wodzipaka choko kumaso. Ine ndaganiza zoutsata mkanganowu kuchokera kumbuyo. Ndikayang'ana makanema amene afika pakati pathu pa zaka 90 zapitazi, ndimaona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza. Mafilimu ambiri amene anapangidwira ifeyo anabwera kudzatilangiza, ndipo tinawaonera mwaulemu basi. Amene tinawakonda mpaka kudyera ndalama ya kuchigayo anali opangidwira anthu ena. Mphamvu ndi zofooka za mtundu uliwonse wa filimu ine ndimaziyezera pamenepo, ndipo nkhaniyi ikukhudzanso mafilimu amene achinyamata anzathu akujambula lero.

Kanema wa pa lole

Tiyambire mu 1935. Chaka chimenecho bungwe la amishoni la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America, linayambitsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Azungu awiri, Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham, anamanga msasa ku Vugiri m'dziko la Tanganyika, ndipo pofika 1937 anali atajambula timafilimu 35. Ankatikweza pa lole limodzi ndi makina oonetsera n'kumazungulira Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland. Mawu ofotokozera ankawajambula padera pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zingapo, Chinyanja ndi Chitumbuka zili momwemo. Mitu yake inali ya msonkho, tiyi, kasamalidwe ka zikopa, kusunga ndalama. Mu kena mwa timafilimuto, wantchito wina akwirira malipiro ake m'nyumba ndipo wakuba amubera, pamene mnzake akasungitsa ake ku positi ofesi.

Kapangidwe kameneka kanakhazikika. Mu 1939 boma la Britain linatsegula Colonial Film Unit pansi pa William Sellers, yemwe anali atagwirapo ntchito za umoyo ku Nigeria. Sellers ankakhulupirira kuti munthu wakuda wakumudzi sangatsatire chithunzi chothamanga, choncho kamera iziyenda pang'onopang'ono, nkhani ikhale imodzi, pasakhale zodumphadumpha. Mu 1948 kunabwera Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury komwe lero ndi Harare, yopangira mafilimu anthu a ku Rhodesia ziwiri zija ndi Nyasaland. The Two Farmers ndi Mulenga Goes to Town ndi ena mwa mafilimu ake. Nkhani zambiri zoterezi zinkayenda pa anthu awiri, Bambo Wanzeru ndi Bambo Wopusa. Wanzeru amamvera mlangizi wa boma ndipo amakolola. Wopusa amakakamira zake ndipo amalira. Pambali pa nsalu pamaima womasulira ndi chimkuzamawu kuti phunziro lisaphonye munthu.

Mtundu umenewu unali ndi mphamvu yake, tisaunamizire. Anthu anaona pa nsalu nkhope zonga zawo, makasu, nkhokwe ndi nkhuku zonga zawo, ndipo zina mwa zimene ankalangizidwa, monga za ukhondo, zinali zothandiza ndithu. Chofooka chake n'choti unkamuona woonera ngati mwana. Mphindi yoyamba isanathe umadziwiratu amene adzalire kumapeto. Komanso Bambo Wopusa kawirikawiri anali munthu wotsata za makolo ake, ndipo palibe amene ankamufunsa chifukwa chimene akukanira zimene mlangizi akunena. Mwina munda wake unali waung'ono, mwina msonkho unali utamudya kale. Filimuyo inalibe nazo ntchito.

Nthawi yomweyo, m'makomboni a migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, komwe amuna ambiri a ku Nyasaland ankagwirako ntchito, anthu ankakhamukira ku mafilimu a makauboyi a ku America. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 ndipo analemba mmene zinkakhalira. Ngwazi iliyonse ya m'filimu anthu ankangoitcha Jack. Chingerezi sichinkamveka chifukwa cha phokoso, zigawo zina zinali zitadulidwa ndi akuluakulu oyang'anira, koma nkhonya ikaponyedwa bwalo lonse linkaimirira. Ana ankasema mfuti zamitengo n'kumayenda ngati Jack m'misewu ya komboni. Amene ankapanga mafilimuwo ku Hollywood sankadziwa n'komwe kuti kuli Luanshya, koma ndiwo anatenga mitima.

Zaka za wailesi

Ufulu utabwera, kanema sanafalikire. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo Censorship Board inkaona filimu iliyonse isanaonetsedwe. Anthu akayamba kupsompsonana, lumo linkadutsa pomwepo. Nyumba zoonetsera kanema zinali zowerengeka, za m'tauni. Wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999, anzathu oyandikana nawo atayamba kalekale.

Ndiye nthano zathu zinathawira ku wailesi ndi ku nsanja. Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC, Kwathu Drama Group, Du Chisiza Jr ndi Wakhumbata, kumeneko n'kumene Mmalawi anaphunzirira kukamba nkhani kwa gulu. Pa wailesi chilichonse chimayenera kunenedwa pakamwa. Munthu akalowa m'nyumba, wina anene kuti walowa. Musaiwale mfundo imeneyi, ibweranso tikafika pa mafilimu athu.

Mwini filimu safa

Matepi a vidiyo atafika, makamaka m'zaka za m'ma 1990, vidiyo sho inamera pa msika uliwonse. Kachipinda ka mdima, mabenchi, deki, jenereta kapena batire ya galimoto, sipika pa denga, ndi bolodi panja lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo. Mfumu ya malo amenewa inali filimu ya nkhondo ndi ya karate: Bruce Lee, Jackie Chan, Jet Li, Van Damme, Chuck Norris, Schwarzenegger, Rambo.

Mphamvu ya mtundu umenewu ndi yomwe ija ya Jack. Thupi limayankhula chilankhulo chimene aliyense amamva. Bruce Lee akalawa magazi ake omwe mu Enter the Dragon ya 1973, sufuna womasulira kuti udziwe kuti zinthu zafika povuta. Jackie Chan mu Drunken Master ya 1978 anawonjezera china: ngwazi imene imamva kupweteka, imathawa, imalakwitsa, imachita kukhetsa thukuta kwa mphunzitsi wankhanza isanapambane. Kwa mwana amene akuyenda wapansi kupita ku sukulu m'mimba muli pululu, nkhani yoti wonyozeka angadziphunzitse mpaka kugwetsa chimphona inali chakudya. Ndipo mafilimuwa sankakunyoza. Ankangofuna kuti usaphethire.

Chofooka chake chili m'mawu omwe aja tinkanena pa benchi, akuti mwini filimu safa. Ngati safa, ena onse ndiwo ayenera kufa, ndipo amafa ngati ngumbi, opanda dzina, opanda mayi wowalira. Taonani mmene Rambo anasinthira. First Blood ya 1982 ndi nkhani ya msilikali wobwera ku nkhondo ya Vietnam amene dziko lake lamutaya, apolisi a m'katauni kena akumuzunza, ndipo kumapeto munthu wamkuluyo akulira ngati mwana. Imfa yooneka bwinobwino m'filimu yonseyo ndi imodzi. Pofika chigawo chachiwiri mu 1985, Rambo wabwerera ku Vietnam kukapulula anthu ndi mivi yophulika. Ife tinkaombera m'manja Mmereka akupha asilikali a dziko losauka lolima mpunga, anthu amene moyo wawo unali pafupi ndi wathu kuposa wa iyeyo. Akazi nawo m'mafilimuwa ntchito yawo inali kubedwa kuti mwamuna apeze chifukwa chomenyera, ngati mwana wa Schwarzenegger mu Commando.

Nyimbo za ku India, asing'anga a ku Nigeria

Filimu ya chimwenye inalowera khomo lina, la mtima. Disco Dancer ya 1982, ya Mithun Chakraborty, ndi nkhani ya mnyamata wosauka woimba m'misewu amene mayi ake ananamiziridwa kuba, ndipo iye akukula ndi cholinga chochotsa chitonzocho. Ulemu wa mayi, umphawi, makolo olowerera pa ukwati, zonsezi n'zathu zomwe. Pamene mawu akanika, nyimbo imanyamula nkhaniyo, ndipo munthu amalira osamva liwu ndi limodzi lomwe la Chihindi. Vuto lake ndi kutalika, maola atatu, komanso zinthu zongochitika mwamwayi, abale otayana ali makanda n'kudzakumana pa mlatho. Chimene chimandinyansa kwambiri ndi chikondi chake. Mnyamata amamulondalonda mtsikana, mtsikana akukana, iye osaleka, mpaka nyimbo yachitatu mtsikanayo wagonja. Zimenezo pa msewu weniweni ndi nkhanza.

Kenako kunabwera Nigeria. Living in Bondage ya 1992, yopangidwa ndi wamalonda Kenneth Nnebue m'chilankhulo cha Igbo n'kugulitsidwa pa matepi, ndi imene ambiri amati inatsegula njira ya Nollywood. Andy akufuna chuma, alowa gulu lachinsinsi, apereka nsembe mkazi wake Merit, alemera, mzimu wa mkaziyo umusautsa mpaka kupenga, ndipo apulumukira ku tchalitchi. Ma CD atatchipa m'zaka za m'ma 2000, mafilimu otere anadzaza nyumba zathu, ndipo amayi amene sankaponda ku vidiyo sho anapeza chawo. Apa tinaona Afirika akudzijambula yekha popanda mzungu womuuza chochita: apongozi ovuta, mkazi wosabereka akunyozedwa, mbusa wabodza, m'bale wolemera mosadziwika bwino. Ngakhale pa zoopsa, anatiposa azungu. Mzukwa wa m'chipinda cha pansi pa nyumba ya ku America sundiopsa kwenikweni, nyumba zathu zilibe zipinda zotero. Koma kadzidzi akalira pa denga m'filimu ya ku Nigeria, ndimayang'ana kumwamba.

Walira mvula walira matope. Mafilimu omwewa anali ojambulidwa mothamanga, mawu okwera ndi kutsika, nkhani yokokedwa dala kuti pakhale chigawo chachiwiri ndi chachitatu. Chachikulu n'choti yankho la vuto lililonse linali mfiti. Bizinesi yagwa, mwana wadwala, ukwati wasokonekera, fufuzani gogo wa kumudzi. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Sindikunena kuti filimu ndiyo inawapha. Chikhulupirirocho n'chakale, lamulo lathu la Witchcraft Act ndi la 1911. Koma filimu imene usiku uliwonse ikuonetsa nkhalamba ikusanduka mphaka ikuthira mafuta pa moto umene ukuyaka kale.

Tikuseka ndani?

Nthabwala nazo zili ndi mbali ziwiri. The Gods Must Be Crazy ya 1980, ya Jamie Uys wa ku South Africa, inatiseketsa tonse ndi botolo la Coca-Cola logwa kuchokera m'ndege. Luso lake la kuseketsa ndi thupi, galimoto yopanda mabuleki, munthu wonjenjemera pamaso pa mkazi, silikalamba. Koma inapangidwa nthawi ya tsankho, ndipo imaonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osalakwa a m'chipululu, osadziwa kanthu za dziko, pamene zenizeni zinali zoti malo awo ankalandidwa. N!xau, yemwe ananyamula filimu yonseyo, analandira ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene inapanga.

Yerekezani ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi. Nawonso ankasewera anthu ooneka opusa, koma opusa awo anali ndi lilime. Ukawaseka, pakapita kanthawi umazindikira kuti wadziseka wekha, kapena waseka bwana. Muyeso wanga wa nthabwala ndi umenewo: wosekedwayo ali ndi mpata woyankha kapena ayi?

Phunziro likakhala ndi mnofu

Musandimve ngati ndikuti filimu isaphunzitse. Neria ya ku Zimbabwe, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nkhani yake yolembedwa ndi Tsitsi Dangarembga, inapangidwa ndi cholinga choonekeratu: kulimbana ndi kulanda chuma cha amayi amasiye. Koma Neria ndi munthu weniweni. Timamuona akukondana ndi mwamuna wake, akumanga naye nyumba, kenako mlamu wake akutenga chilichonse mpaka buku la ku banki. Mlamuyo naye ali ndi zifukwa zake zimene amazitcha mwambo, ndipo apongozi aakazi amasintha maganizo pang'onopang'ono. Nyimbo ya Oliver Mtukudzi inamaliza ntchito. Aliyense amene anaonapo katundu akukwezedwa pa lole maliro asanazizire anaimva filimu imeneyo m'mafupa, ndipo kuno lamulo latsopano la chuma cha masiye linadzabwera mu 2011.

Kwathu kuno chitsanzo ndi Tikuferanji. Linali sewero lophunzitsa za Edzi, koma amene anthu ankamudikira anali Manganya, Bambo Wopusa weniweni, wamakani, wodziwa zonse. Michael Usi anamupatsa moyo munthu ameneyu mpaka dzinalo linamukanirira, ngakhale pamene anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Zimene a Sellers sanazione n'zoti woonera amatsata munthu wa zilakolako ndi zophophonya. Wanzeru wosalakwa amatopetsa.

Womasulira wabwerera

Kwa anthu ambiri a m'midzi, filimu yoyamba kuimva m'Chichewa inali ya Yesu, ija ya 1979 yotengedwa mu Uthenga wa Luka, yoonetsedwa pa nsalu pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi. Inasonyeza zimene chilankhulo chimachita: gogo amene sakanatsatira Chingerezi ankalira pa mtanda. Lero anyamata a m'matauni atenga ntchito imeneyo m'manja mwawo. Amatenga filimu ya ku China, ya ku India, ya ku Korea, n'kuikamo mawu awo m'Chichewa, ndipo imayenda pa fulashi ndi pa memory card mpaka kumudzi. Ku Uganda ndi ku Kenya ziliko zotere. Womasulira wa pa lole uja wabwerera, koma ulendo uno sakutumidwa ndi boma. Amatcha anthu a m'filimu mayina a kwathu, amaponyamo nthabwala za pa msika, ndipo banja lonse limatsatira nkhani.

Zofooka zake n'zoonekeratu. Pamene sanamve, amapeka. Pamaliro a m'filimu amatha kuponyapo nthabwala, chisoni chonse n'kuthawa. Ndipo njira yomweyi yokopera mafilimu mwaulere ndi imene imadya wojambula wa kuno, amene filimu yake imafika pa fulashi iye asanabweze ngakhale ndalama ya mafuta.

Athu

Mafilimu a Amalawi afika patali. Shemu Joyah, munthu woyeza malo pa ntchito yake, anatipatsa Seasons of a Life, ya mtsikana wantchito wopatsidwa mimba ndi bwana wake amene pambuyo pake amenyera mwana wake ku khothi, kenako The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Yomalizayi, ya amayi awiri oyendayenda mu Blantyre, inapambana ngati filimu yabwino ya kummwera kwa Afirika pa mphotho za Africa Magic Viewers' Choice mu 2018, patapita zaka ziwiri Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula itatenga mphotho yomweyo. Fatsani ya Gift Sukez Sukali inatsatira pambuyo pake. Mphamvu yawo palibe mlendo angaibe. Fumbi lake ndi lathu, minibasi ndi yathu, mmene mayi amakhalira pa mkeka ndi momwemo. The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, ya Chiwetel Ejiofor, inajambula njala ya 2001 ndi 2002 mogwira mtima, banja la William Kamkwamba likudya kamodzi patsiku, anthu akukanganirana chimanga. Koma Chichewa cha osewera akunja chinatiseketsa pamalo ofunika kulira.

Zofooka zathu zili ndi makolo awiri. Woyamba ndi wailesi ija. Anthu a m'mafilimu athu ambiri amayankhula chilichonse, amafotokoza kuti akwiya m'malo moti tione mkwiyowo, ndipo nthawi zina amatero m'Chingerezi cha m'kalasi chimene palibe amayankhula akapsa mtima. Wachiwiri ndi lole ija ya 1935. Ndalama zojambulira zimasowa, ndipo amene ali nazo kawirikawiri ndi mabungwe okhala ndi uthenga wawo. Uthengawo umakhala wabwino, wa ukwati wa ana, wa nkhanza za m'banja, wa katangale. Koma wopereka ndalama amafuna kuumva ukunenedwa momveka, ndiye kumapeto kumatulukira mfumu, namwino kapena mphunzitsi kudzatiuza zimene taphunzira. Bambo Wanzeru uja sanafe, wangosintha malaya.

Ine pempho langa kwa anzanga ojambula ndi loti tibe kwa onse amene anatibera mitima. Kwa Jackie Chan titenge thupi, kuti chithunzi chizinena zimene pakamwa pasiya. Kwa Amwenye titenge kulimba mtima koika nyimbo pamene mawu aperewera. Kwa anzathu a ku Nigeria titenge kusadikira chilolezo cha wina, mfiti zija tiwasiyire. Kwa anyamata omasulira titenge Chichewa cha pa msika, chamoyo. Ndipo Bambo Wopusa timupatse zifukwa zake, timulole nthawi zina akhale wolondola.

Kwa ife oonera, nkhani ndi ya m'thumba. Wolipira ndiye amasankha mathero a filimu. Tikapitiriza kudikira kuti mnzathu atitumizire ya ulere pa WhatsApp, ojambula athu apitiriza kugogoda ku mabungwe, ndipo ife tipitiriza kulangizidwa. Filimu ya Mmalawi ikamadzaonetsedwa ku holo ya pafupi nanu, kagulani tikiti, muitanenso mnzanu, ndipo mukatuluka mukakangane za iyo mmene timakanganirana za Rambo.